Sola ya pa msasa: momwe ntchito yayendera pa Hilux, kuchokera ku Salima mpaka ku mtsinje wa Bua

12 Julayi: kuwerengera

Galimoto ndi Hilux ya dizilo ya zitseko zinayi, ili ndi kanope kumbuyo ndi kaliyala pamwamba. Cholinga n'chakuti ikhale masiku atatu pa msasa m'mphepete mwa nyanja kapena m'nkhalango ya Nkhotakota, filiji isazime, popanda kuliza injini kuti batire lidzaze.

Tisanagule kanthu tinalemba zonse zomwe zimadya moto pa tsiku limodzi. Filiji ya malita 40 ya 12V imakoka pafupifupi 4A kompuresa ikamalira, ndipo tinaiwerengera 40Ah pa tsiku (Ah ndi ma amp kuchulukitsa ndi maola omwe chipangizo chayaka). Mababu atatu a LED a 5W, maola anayi madzulo, 5Ah. Mafoni anayi ndi mabatire a kamera, 6Ah. Laputopu, 7Ah. Kapampu ka madzi, 1Ah. Kafani ka mu tenti ka nthawi yotentha, 6Ah. Zonse ndi 65Ah, zomwe pa 13V ndi pafupifupi 850Wh (Wh ndi Ah kuchulukitsa ndi mavolti).

Ketulo ya magetsi tinaichotsa pa mndandanda nthawi yomweyo. Ya 2000W pa batire la 12V imafuna kupitirira 160A, ndiye tiyi aziphikidwa pa gasi kapena pa mbaula.

Pa batire panali mkangano. La gel la 100Ah, lomwe ndi mtundu wa batire la asidi, n'lotsika mtengo, koma mumangotapamo theka, 50Ah, mukapitirira pamenepo mukulifupikitsira moyo, ndipo limalemera makilogalamu oyandikira 30. La LiFePO4 la 100Ah, lomwe ndi mtundu wa lithium, limalola kutapa 80Ah mpaka 90Ah, limalemera pakati pa makilogalamu 11 ndi 13. Filiji yokha usiku umodzi wotentha imamaliza theka la zomwe gel angapereke, ndiye tinasankha lithium.

19 Julayi: kugula

Mapanelo awiri a 100W, a felemu ya aluminiyamu, K135,000 imodzi. Chikwangwani chakumbuyo chikuti Vmp 18V (mavolti panelo ikamagwira ntchito pachimake), Voc 22V (mavolti isanalumikizidwe ku kanthu), Imp 5.5A (ma amp pachimake). Batire la LiFePO4 la 12.8V 100Ah lokhala ndi BMS mkati (kabolodi kodula moto kuti batire lisadzaze kapena kutha mopitirira), K780,000. Kontirola, yoyendetsa moto wa mapanelo kulowa m'batire, yolembedwa kuti MPPT 30A, K45,000. Waya wofiira ndi wakuda wolembedwa 4mm², mamita 30, K54,000. Inveta ya 500W, yosandutsa 12V kukhala moto wa pa soketi ya m'nyumba, K60,000. Mafyuzi, malagi (timphete tachitsulo ta kunsonga kwa waya), mapulagi a Anderson ndi a MC4, K95,000. Mitengoyi ndi ya tsiku lomwe tinagulalo, kwacha siimachedwa kusintha.

Mwa zinthu zimenezi, zitatu zinali ndalama zotaya. Ziwoneka m'munsimu.

27 Julayi: felemu ndi bokosi

Wowotcherera wa pa Salima anapanga felemu ya angle iron ya 30mm yokhala pa kaliyala, K120,000 pamodzi ndi penti. Pakati pa panelo ndi denga tinasiya mpata wa masentimita 6 kuti mphepo izidutsa. Mapanelo tinawamanga ndi masikuluwu odziboolera okha, asanu ndi atatu pa panelo iliyonse.

Batire linalowa m'bokosi la pulayiwudi ya 12mm, K40,000, lomangidwa ndi malamba awiri pa mbedza za pansi pa bodi, kutsogolo kwenikweni pafupi ndi kabini. Kumeneko galimoto siidumpha ngati kumchira. Fyuzi yaikulu ili masentimita 15 kuchokera pa mutu wa batire. Fyuzi imateteza waya, si chipangizo, ndiye kachigawo ka waya komwe kali pakati pa batire ndi fyuzi kalibe mlonda. Kakhale kakafupi. Fyuzi ya kontirola ndi 30A, ya filiji 15A, ya mababu ndi mafoni 10A.

Polumikiza, batire liyambe kulowa pa kontirola, panelo pambuyo. Pomasula, panelo ndiye iyambe. Makontirola ambiri amadziwira pa batire ngati ali pa 12V kapena 24V, ndipo ena amapsa akalandira mphamvu ya panelo batire palibe.

3 Ogasiti: kuyesa koyamba ku Senga Bay

Kumwamba kopanda mtambo, mwera ukuwomba, mapanelo ozizira bwino. Tinawalumikiza motsatizana, pozitivu ya imodzi ku negativu ya inzake, kuti atulutse 36V. Cha m'ma 11 koloko mita inawerenga 5.4A polowa mu kontirola ndi 5.4A potuluka, batire lili pa 13.4V. Chulukitsani, mupeza 72W basi kuchokera pa mapanelo a 200W.

Apa ndi pomwe kontirola inadziulula. MPPT yeniyeni imalandira mavolti ambiri ndi ma amp ochepa n'kuwasandutsa mavolti ochepa ndi ma amp ambiri, choncho ma amp otuluka ayenera kuposa olowa. Akafanana mbali zonse, chomwe muli nacho ndi PWM, imene imangokokera panelo pansi kuti ifanane ndi batire, zotsalazo n'kutayika. Titatsegula chivundikiro, mkati munalibe koyilo ya waya wa kopa wokulungidwa pa mphete, yomwe MPPT iliyonse imakhala nayo. Munali kabolodi kamodzi kopepuka ngati bisiketi.

Mungathe kudziwa musanalipire. Inyamuleni m'manja: MPPT ya 20A imalemera, ili ndi zipsepse za chitsulo zotayira kutentha kumbuyo. Werengani malire a mavolti a panelo: ikalembedwa 25V kapena 50V ndi madoko a USB kutsogolo pa mtengo wotsika ngati womwe tinagulira ife, ikani pansi. Yeniyeni nthawi zambiri imalemba 75V kapena 100V.

Tsiku lomwelo tinawasintha mapanelo kukhala ogundana mitu, pozitivu ku pozitivu, ndipo tinapeza 10A. Ndi momwe PWM imafunira. Koma ife timafuna waya wautali, ndipo pa 18V waya wautali umadya mphamvu yambiri.

10 Ogasiti: kontirola yatsopano, kenako waya

MPPT ya 100V 20A, K210,000. Tinaitchera pa 14.2V podzaza ndi 13.5V posunga, equalization, kudzaza ndi mavolti okwera nthawi ndi nthawi, tinaizimitsa chifukwa ndi ya mabatire a asidi. Mapanelo tinawalumikizanso motsatizana. Polowa 34V pa 4.6A, potuluka 11.2A pa 13.5V. Ndi 151W, kuwirikiza kawiri za sabata yatha, mapanelo omwewo, dzuwa lomwelo.

Pokonza waya wa mamita 10 woti mapanelo azitha kukhala patali, tinayeza mavolti mbali zonse ziwiri. Kopa weniweni wa 4mm², mamita 20 kupita ndi kubwera, pa 5A ayenera kutaya osapitirira 0.5V. Wathu amataya 1.3V. Titapala katsitsi kamodzi ndi mpeni, kufiira kunachoka, mkati munatuluka moyera. Ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, amene amalonda amati CCA. Titakayandikiza pa moto wa laita kanapindika n'kugwa ngati ulusi, pomwe kopa amangofiira n'kukhalabe chilili. Komanso tsitsi lake linali lochepa, mwina 2mm², pulasitiki yokhuthala ndiyo inadzaza malo.

Vuto la waya wotere silithera pa kutaya mavolti. Aluminiyamu amathyoka akamapindidwapindidwa, ndipo m'chinyezi cha kunyanja amachita ufa woyera m'malagi. Tinagula waya wa sola wa 4mm² wa zikopa ziwiri, mamita 24, K108,000. Koma wa ku filiji tinausiya wakale uja poganiza kuti ndi waufupi. Kunali kulakwa.

24 mpaka 26 Ogasiti: Nkhotakota Wildlife Reserve

Kuchokera ku Salima pa M5 kufika pa boma la Nkhotakota ndi pafupifupi makilomita 110, kenako misewu ya fumbi yolowera m'nkhalango. Nkhalangoyi akuiyang'anira a African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Msasa umamangidwa pomwe oyang'anira aloleza, si paliponse pomwe pali dzuwa, ndipo izi zimakhudza sola kuposa momwe munthu angaganizire ali kunyumba.

Zinthu zinayi zinavuta.

Choyamba ndi masikuluwu. Pofika pa msasa, mwa 16 aja atatu anali atagwa, ena asanu akuzungulira ndi chala. Felemu ya panelo ndi aluminiyamu wopyapyala, mazinga amagwira pang'ono chabe, ndipo mabampu a msewu wa fumbi amakuza bowo pang'onopang'ono. Panelo yakutsogolo inali ikugogoda pa chitsulo. Tinamanga ndi lamba kuti tibwerere.

Chachiwiri ndi filiji. Inazima penapake m'njira n'kuwonetsa chizindikiro cha mavolti ochepa, batire lili pa 13.0V. Pa filiji penipeni, kompuresa ikamayamba, mita imatsika kufika 11.6V. Gawo lina limatayika mu waya wa CCA uja, koma lalikulu mu pulagi ya mtundu wa choyatsira ndudu. Pulagi imeneyi imagwira ndi kasipuling'i kakang'ono kunsonga. Galimoto ikamagwedezeka imatuluka pang'ono, imagunda ndi kansonga chabe, pamenepo pamatentha. Yathu pulasitiki yakunsonga inali itasungunuka n'kuchita bulawuni. Tinaidula pomwepo n'kuikapo Anderson wa 50A.

Chachitatu, chomwe chasintha pulani yonse, ndi mthunzi. Munthu aliyense wanzeru amaimika galimoto pansi pa mtengo, makamaka muli filiji. M'mphepete mwa Bua mitengo ndi yaitali ndi yothithikana, ndipo ngakhale pamtunda pomwe miombo inali itayoyola masamba, nthambi zokhazo zimajambula mizere pa galasi. Tsiku loyamba lathunthu kontirola inawerenga 380Wh yokha. Mapanelo olumikizidwa motsatizana ali ngati anthu osenza mtengo umodzi: wina akatsimphina onse amachedwa. Mthunzi wa nthambi imodzi yokula ngati dzanja, utadutsa pakona ya panelo imodzi, unatsitsa mphamvu kuchoka pa 140W kufika pa 85W. Ma bypass diode a m'kabokosi kakumbuyo amalambalalitsa chigawo chonse chomwe chaphimbidwa, ndiye mumataya chigawo chathunthu chifukwa cha masamba awiri.

Tsiku lachiwiri tinamasula mapanelo, popeza masikuluwu anali atamasuka kale, n'kuwaika pabwalo ndi waya wa mamita 10 uja, titawatsamiritsa pa zigubu. Mmawa anayang'ana kumpoto chakummawa, masana kumpoto, madzulo kumpoto chakumadzulo. Tinapeza 910Wh. Mu Ogasiti dzuwa la masana kuno limakhala chakumpoto, pakati pa madigiri 20 ndi 30 kuchoka pamutu, ndiye panelo yogona chagada pa denga imakhala ikutaya kale isanakumane ndi mthunzi. Mabuku ndi mavidiyo ambiri amati yang'anitsani kummwera, koma amenewo ndi a ku Ulaya ndi ku America. Ife tili kummwera kwa equator, pafupi ndi madigiri 13.

Chachinayi ndi inveta. Inasiyidwa yoyaka usiku wonse laputopu itadzaza kale. Payokha, popanda cholumikizidwa, imadya 0.8A. Pa maola 24 ndi 19Ah, pafupifupi theka la chakudya cha filiji, kungoyatsa kababu kobiriwira.

Anyani nawonso ndi oti muwawerengere. Mmawa panali zidindo za mapazi pa galasi la panelo imodzi, ndipo waya unali utakokedwa. Usiku mapanelo ndi waya zizilowa m'galimoto, ndipo waya usadutse panjira yomwe nyama zimatsikira ku madzi.

7 Sepitembala: kukonza

Felemu ya pa kaliyala tsopano ndi njanji ziwiri zomwe mapanelo amalowamo chotsetsereka. Mapanelo awiriwo talumikiza ndi mahinji atatu a stainless kuti azipindika ngati buku, ndipo kumbuyo kwa iliyonse kuli mwendo wa aluminiyamu wokhala ndi mabowo atatu: madigiri 10, 20 ndi 30. Pomanga pa njanji ndi mabawuti anayi a M8 obowoleza mbali zonse, mawashala aakulu, ndi manati a nyloc, aja okhala ndi mphete ya pulasitiki mkati. Pakati pa aluminiyamu ndi chitsulo taika zidutswa za chubu cha tayala. Chubucho chimameza kugwedezeka, komanso chimalekanitsa zitsulo ziwirizi zomwe zimadyana zikagundana pa chinyezi. Kutsitsa kumatenga mphindi zisanu ndi sipanala ya 13. Zonsezi K30,000.

Pobowola felemu ya panelo ikani kathabwa pakati pa felemu ndi msana wa panelo. Dirilo ikangopyola n'kukanda pulasitiki yoyera yakumbuyo, madzi adzalowa.

Waya wa ku filiji tsopano ndi kopa wa 6mm², K48,000. Malagi onse afinyidwa ndi chofinyira chenicheni, osati pulayala, ndipo avekedwa heat shrink. Sitinawotcherere ndi mtovu, chifukwa pomwe mtovu wathera waya amauma, ndipo pogwedezeka amathyokera pomwepo.

Pomasula ndi kulumikiza tsiku ndi tsiku tasiya MC4 n'kuika Anderson wa mtundu wina, wosalowana ndi wa filiji, kuti wina asadzalowetse 40V mu filiji mumdima. MC4 anapangidwira kulumikiza kamodzi n'kusiya. Mchenga ukalowa m'timano take amakana kumasuka, ndipo sayenera kumasulidwa moto ukudutsa.

Inveta yachotsedwa. Laputopu ikudzazidwa ndi chaja ya 12V ya USB-C ya 65W, K35,000.

Taikanso shunt pa negativu ya batire, K85,000. Batire la asidi mungalidziwe ndi mavolti, koma LiFePO4 imakhala pakati pa 13.0V ndi 13.3V kuyambira lili pafupi kudzaza mpaka litatsala pang'ono kutha, kenako imagwa mwadzidzidzi BMS n'kudula. Shunt imawerenga ma amp olowa ndi otuluka. Negativu iliyonse, ya kontirola yomwe, idutse pa shunt. Waya mmodzi akangolumikizidwa pa batire mwachindunji, chiwerengero chonse chimanama.

21 Sepitembala: kudzaza poyenda

Chaja ya DC-DC ya 20A, yodzaza batire la kumbuyo ndi moto wa alternator injini ikamalira, K260,000, ndi waya wa 10mm² mamita 12, K108,000. Fyuzi ya 40A pafupi ndi batire la injini, ya 30A pafupi ndi la kumbuyo. Waya wadutsa pansi motsatira chasisi, m'paipi ya pulasitiki, kutali ndi ekizozi, womangidwa pa masentimita 30 aliwonse.

Amakanika ena amangoika relay pakati pa mabatire awiriwo. Pa gel zimatheka. Lithium yopanda kanthu imakoka ma amp onse omwe alternator ingapereke, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono m'njira ya m'tchire alternator siizizira mokwanira. DC-DC imaika malire pa 20A ndi kupereka mavolti oyenera. Kawaya kake koyatsira talumikiza pa fyuzi yomwe imakhala ndi moto kiyi akatembenuzidwa, kuti injini ikazima isamayamwe batire lolizira galimoto.

Maola awiri a pa M5 akubweza pafupifupi 40Ah. Sola ndi DC-DC zikamagwira limodzi zimafika 32A, pansi pa malire a 50A omwe alembedwa pa batire.

18 mpaka 20 Okutobala: kutentha, kunyanja pafupi ndi Chia, kummwera kwa boma la Nkhotakota

Mayeso enieni ndi a Okutobala. Mabawuti onse anafika ali gwa, filiji sinazime m'njira. Zotsala ndi za kutentha.

Filiji yomwe mu Ogasiti imadya 31Ah pa tsiku inadya 52Ah tsiku loyamba. Inali mu kanope yotseka, momwe masana thermometer inawerenga 47°C, ndipo chikwama cha tenti chinali chitatseka mabowo a mpweya a kompuresa. Titachotsa chikwamacho, kusiya masentimita 10 mbali zonse, kutsegula mawindo a kanope ndi kuiphimba ndi bulangete lopepuka kupatula pa mabowo, inatsika kufika 43Ah. Kuitchera pa 4°C m'malo mwa 1°C kunathandizanso. Zakumwa zotentha zizilowa mmawa dzuwa likamadzaza, osati madzulo pomwe batire latsala lokha. Nsomba zogula kwa asodzi zikulungidwe bwino zisanalowe, apo ayi zonse za m'filiji zimamveka chambo.

Bokosi la batire nalo linatentha. LiFePO4 siifuna kudzazidwa ikapyola 45°C, ndipo kontirola ikatentha imadzichepetsera yokha mphamvu. Taboola mabowo asanu ndi limodzi a 25mm mbali ziwiri za bokosi n'kumata sefa wa waya wa udzudzu, chifukwa nyerere zinali zitayamba kale kusamukiramo.

Mapanelo pa dzuwa loswa mtengo anapereka zochepa kuposa mu Ogasiti: 138W pachimake. Mawati olembedwa kumbuyo amayezedwa panelo ili pa 25°C, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imachotsa pafupifupi 0.4%. Galasi linali pa 63°C, kutanthauza 15% yapita. Kuwagoneka pa mchenga wotentha kumaonjezera. Ayenera kukhala pa miyendo mphepo izidutsa pansi. Musawathire madzi ozizira masana galasi lili moto. Pukutani mmawa ndi nsalu yonyowa, chifukwa nyengo ino fumbi ndi phulusa la lupsa zimakhala zitamata. Kupukuta kokha kunabweza 9W.

Kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana kuno limakhala pamutu penipeni, ndipo kuyambira Novembala mpaka pakati pa Febuluwale limapendekera pang'ono kummwera. Bowo la madigiri 30 loyang'ana kumpoto, lomwe linatithandiza mu Ogasiti, pano likutayitsa. Tinagwiritsa la madigiri 10, mmawa kuyang'ana kunyanja komwe dzuwa limatulukira, madzulo kumtunda. Njira yachidule yodziwira: imikani botolo pa galasi, tembenuzani panelo mpaka mthunzi wa botolo utabisala pansi pake.

Madzulo a tsiku lachiwiri mphepo inagwetsa mapanelo chafufumimba. Galasi silinasweke chifukwa unali mchenga. Zikhomo za tenti sizigwira mumchenga, ndiye mwendo uliwonse tsopano umamangidwa ku thumba la saka lodzaza mchenga.

Mababu oyera anaitana nkhungu ndi tizilombo tina mpaka m'mbale. Awiri tawasintha ndi achikasu, ndipo loyera likupachikidwa patali ndi pophikira.

Ziwerengero za masiku atatuwo: sola inalowetsa 790Wh, 840Wh ndi 610Wh tsiku lachitatu lomwe kunali chifunga cha utsi ndi mitambo. Zotuluka zinali 1,010Wh, 890Wh ndi 880Wh. Tinafika batire lili pa 100%, tinanyamuka shunt ikuwerenga 58%. Masiku atatu akukwana, koma tsiku lililonse tikutapa kuposa zomwe tikubweza.

2 Novembala: pomwe tafika

Ndalama zonse zomwe zalowa ndi K2,348,000, osawerengera filiji yomwe inalipo kale. Mwa izi K159,000 ndi ya kontirola yabodza, waya wa CCA ndi inveta.

Mvula ikuyandikira ndipo masiku a mitambo sola idzatsika kwambiri, ndiye panelo yachitatu ya 100W ikufunika. Zitatu motsatizana zimapereka Voc ya 66V, ndipo ngakhale mmawa wozizira wa Juni, pomwe mavolti amakwera, sizifika pa malire a 100V. Kontirola ya 20A imathera pa 270W, koma taona kale kuti panelo ya 100W kuno siipyola 80W, ndiye zitatu zikwanamo. Iyenera kukhala ya Imp yofanana ndi zinzake, 5.5A, chifukwa pa mzere umodzi ya ma amp ochepa ndiyo imalamula zonse.

Pomwe waya amalowera mu kanope pakadali bowo la labala wamba. Pakufunika cable gland, chomangira waya pa bowo kuti madzi asalowe, ndi silikoni, ndipo waya apindidwe chotsika asanalowe kuti madzi azidontha panja. Waya wa mamita 10 unaperewera pa Bua, tikuonjezera kufika 15. Pa 54V ndi 5A, mamita 30 a kopa wa 4mm² ataya pafupifupi 0.7V, ndiye kukula kwa waya sitisintha.